Jumbo yopyapyala itisiye, dengu libwerere pamsika

Aliyense amene amadutsa pamisika ya m'dera la T/A Kaduya komanso madera ena a m'boma la Phalombe msika utatha akudziwa chimene chimatsala pabwalo. Amayi a tomato apita, a kaunjika amanga katundu wawo, akabaza anyamula makasitomala omaliza, koma majumbo akuda ndi abuluu ali mbwee paliponse. Ena akuuluka ndi mphepo, ena akodwa m'mitengo, ena mbuzi zikuwatafuna chifukwa cha kafungo ka mchere ndi mafuta a chipisi. Izi tazizolowera mwakuti sitiziwonanso ngati vuto.

Ife tikuti ndi vuto, ndipo ndi vuto loti mabanja a kwa Kaduya, ku Migowi, ku Chiringa ndi pa boma pa Phalombe angathe kulichepetsa okha posadikira kuti wina achoke ku Lilongwe kudzawauza. Koma kuti timvane bwino, tiyambe tadziwa kuti pulasitiki n'chiyani, adachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani saola. Paja safunsa adadya phula.

Mbiri ya pulasitiki ikukhudza ngakhale dera lathu lino. M'zaka za m'ma 1800, njira yodutsa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi inkadutsa magulu a amalonda opita kunyanja yamchere ndi akapolo komanso minyanga ya njovu. N'chifukwa chake Angerezi adamanga Fort Lister pamenepo mu 1893, pofuna kutseka njirayo. Minyanga yochokera mu Africa inkakathera ku Ulaya ndi ku America komwe ankapangira zipeso, mabatani a piyano ndi timipira ta masewero a biliyadi. Itayamba kusowa ndi kukwera mtengo, kampani ina ya ku New York idalonjeza madola 10,000 kwa munthu amene angapeze cholowa m'malo mwa mnyanga.

John Wesley Hyatt adalimbana nayo ntchitoyi ndipo cha m'ma 1870 adatulukira celluloid, posakaniza thonje lothiridwa asidi ndi mankhwala ena otchedwa camphor. Iyeyu asanatero, Alexander Parkes wa ku England adali ataonetsa kale chinthu chofanana nacho pa chionetsero cha ku London mu 1862. Zonse ziwirizi zinkadalirabe chomera. Pulasitiki woyamba wopangidwa ndi mankhwala okhaokha adabwera mu 1907, pomwe Leo Baekeland, mbadwa ya ku Belgium yomwe inkakhala ku America, adapanga Bakelite. Agogo amene adaonapo mawayilesi ndi matelefoni akuda olemera a kale aja adamugwirapo pulasitiki ameneyu.

Pulasitiki wa jumbo, yemwe dzina lake ndi polyethylene, adapezeka mwangozi mu 1933 ku kampani ya ICI ku Northwich, m'dziko la England. Akatswiri awiri, Eric Fawcett ndi Reginald Gibson, ankapanikiza mpweya wina mwamphamvu kwambiri m'chitsulo, ndipo atatsegula adapezamo kanthu koyera konga phula. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kanthu kameneka kadagwira ntchito yokutira mawaya a makina ounikira ndege za adani. Mu 1935 Wallace Carothers wa kampani ya DuPont adapanga nayiloni, ndipo mu 1941 John Whinfield ndi James Dickson ku Manchester adatulukira poliyesitala, yemwe lero ali m'malaya ambiri a pa kaunjika komanso m'mabotolo a madzi ndi zakumwa.

Jumbo yeniyeni ya zogwirira ziwiri ija ndi ya dzulodzuloli. Adaipanga ndi Sten Gustaf Thulin wa ku Sweden, ndipo kampani ya Celloplast idailembetsa mu 1965. Mwana wake adauza wailesi ya BBC mu 2019 kuti bambo ake ankayenda ndi jumbo yopinda m'thumba, chifukwa cholinga chawo chidali choti anthu aziigwiritsa ntchito kambirimbiri, mitengo yopangira mapepala ipume. Ife tidatenga jumboyo n'kusiya nzeru ya mwini wakeyo.

Tsono n'chifukwa chiyani khoko la nthochi limaola pa masabata owerengeka koma jumbo ayi? Pulasitiki wambiri amachokera ku mafuta okumbidwa pansi, omwewo amene amatipatsa petulo ndi dizilo, kapena ku gasi. Kufakitale amatenthetsa mafutawo mpaka asweke n'kutulutsa mpweya wotchedwa ethylene. Kenako amalumikiza tizidutswa ta mpweyawo zikwizikwi, kamodzi pambuyo pa kanzake, ngati mmene mayi amatungira mikanda pa ulusi. Maunyolo aataliataliwo akapiringizana amapanga chinthu chopepuka, cholimba, chosalowa madzi.

Zinthu zimaola chifukwa m'dothi muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timazidya. Tizilomboti tidazolowera masamba, mitengo, ndowe ndi nyama kuyambira kalekale, koma unyolo wa pulasitiki ndi wachilendo kwa ito, tilibe mphamvu yokwanira youdulira. Chimene dzuwa limachita n'kungofumbutsa jumboyo kuti ikhale tizidutswa ting'onoting'ono. Maso amati yatha, koma ili momwemo m'munda, ndipo mvula ikagwa tizidutswato timatsikira mumtsinje wa Phalombe mpaka kunyanja ya Chilwa, nyanja yomwe ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Cholowa m'menemo chimakhala m'menemo, pamodzi ndi matemba ndi milamba imene timadya.

Kukula kwa nkhaniyi pa dziko lonse n'koopsa. Mu 1950 dziko lapansi linkapanga matani pafupifupi 2 miliyoni a pulasitiki pachaka. Masiku ano likupanga matani oposa 400 miliyoni pachaka. Kafukufuku wina wotchuka yemwe adatuluka mu 2017 adawerengera kuti anthu adali atapanga matani 8.3 biliyoni chiyambire, ndipo mwa zinyalala zonse za pulasitiki, magawo 9 okha pa 100 alionse ndiwo adakonzedwanso kukhala zinthu zina. Magawo 12 adatenthedwa, pomwe 79 ali m'maenje a zinyalala, m'minda, m'mitsinje ndi m'nyanja.

Wina asatimve molakwa ngati tikunyoza zonse zopangidwa m'fakitale. Neti imene imateteza mwana ku malungo ndi pulasitiki. Mapaipi a mjigo ndi a mpopi ndi pulasitiki. Jakisoni wobayira munthu mmodzi n'kutaya, thumba la madzi a diripi kuchipatala, chigubu chotungira madzi, pepala lofolera pansi pa udzu kuti nyumba isadonthe, matumba a PICS amene amapha anankafumbwe powamana mpweya popanda kuthira mankhwala, zonsezi zapulumutsa miyoyo ndi chakudya cha anthu ambiri.

Chimodzimodzinso feteleza. Mu 1828 Friedrich Wöhler wa ku Germany adadabwitsa anzake popanga urea m'chipinda choyesera zinthu, chinthu chimene anthu ankakhulupirira kuti chimapangidwa m'thupi la chamoyo basi. Mu 1909 Fritz Haber adapeza njira yokokera nayitirojeni kuchokera mumpweya umene timapumawu, womwe magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni, ndipo Carl Bosch adaikulitsa njirayo kukhala fakitale mu 1913. Thumba la Urea limene mlimi wa kwa Kaduya amabereka panjinga lidachokera ku nzeru imeneyo, ndipo magawo 46 pa 100 a zimene zili m'kati mwake ndi nayitirojeni. Amalawi adaona mphamvu yake pomwe boma la Bingu wa Mutharika lidayambitsa ndondomeko ya makuponi a feteleza wotsika mtengo mu 2005. Komabe mlimi wa ku Phalombe amadziwanso kuti nandolo amene amabzala pakati pa chimanga amagwira ntchito yofanana ndi fakitale ya Bosch, kudzera m'timaululu ta ku mizu yake, popanda kulipira kanthu.

Koma walira mvula walira matope. Mbiri ya mankhwala opangidwa ndi anthu ili ndi phunziro limodzi lobwerezabwereza: chinthu chimene sichiola chimaunjikana. Taonani nkhani ya DDT. Paul Müller wa ku Switzerland adapeza mu 1939 kuti mankhwalawa amapha tizilombo, ndipo adalandira nawo mphoto ya Nobel mu 1948 chifukwa adathandiza kulimbana ndi malungo ndi matenda ena. Patapita zaka zidadziwika kuti DDT sachoka msanga m'dothi ndi m'mafuta a m'thupi. Ankachoka m'tizilombo kupita mu nsomba, kuchoka mu nsomba kupita mu mbalame, mpaka mazira a mbalame zina adayamba kusweka zisanaswe ana. Rachel Carson adachenjeza dziko m'buku lake la Silent Spring mu 1962, America idaletsa DDT paulimi mu 1972, ndipo pangano la maiko la ku Stockholm la 2001 lidangomulola pa ntchito yolimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda monga udzudzu. Dziko silidataye mankhwala onse. Lidasankha oyenera kusunga ndi oyenera kusiya.

Kusankha kotereku n'kumene tikupempha pa pulasitiki. Ndowa imatumikira banja zaka zingapo. Neti imatha zaka pafupifupi zitatu. Jumbo yopyapyala imagwira ntchito kuchoka pa benchi ya tomato kufika pakhomo, mwinanso kung'ambikira panjira, kenako n'kukhala m'dothi zaka zochuluka kuposa za amene adaigula. Malonda otere ndi oluza.

Woyamba kuluza ndi mlimi wa ziweto. Mbuzi ndi ng'ombe zili ndi mimba ya zigawo zinayi, ndipo jumbo ikalowa m'chigawo choyamba siigayika, siitulukanso. Imakulungana ndi inzake n'kupanga chimpira cholimba. Chiweto chimamva kukhuta chisanadye, chimaonda, mkaka umachepa, mapeto ake chimafa mwini wake akuganizira mfiti. Ophera mbuzi pamisika amazidziwa bwino izi chifukwa amazitulutsa ndi manja awo. Kafukufuku wina ku Mponela m'boma la Dowa adapeza pulasitiki m'mimba mwa pafupifupi ziweto 40 pa 100 zilizonse zophedwa. Kwa banja la kumudzi mbuzi ndiyo banki: ndiyo fizi ya mwana wa sekondale, ndiyo ndalama ya feteleza, ndiyo thandizo pa maliro.

Wachiwiri kuluza ndi mayi ndi mwana kukhitchini. Chafala kwambiri chizolowezi choyatsira mbaula ndi jumbo chifukwa imagwira moto msanga. Utsi wakuda umene umatuluka uli ndi mwaye ndi mankhwala oyabwa m'maso ndi m'chifuwa, ndipo pulasitiki wa mtundu wa PVC, wa mapaipi, nsapato zina ndi zokutira mawaya, akapsa pamoto wamba amatulutsa poizoni wotchedwa dioxin yemwe akatswiri a zaumoyo adatsimikiza kuti angathe kuyambitsa khansa. Amene amawerama n'kumauzira motowo ndi mayi, nthawi zambiri ali ndi khanda kumsana. Palinso ena amene amavundikira mbatata, chinangwa kapena mpunga ndi jumbo mumphika kuti zipse msanga, ena amalandirira chipisi chochoka m'chiwaya chamoto m'jumbo. Majumbo amenewa sadapangidwire chakudya chotentha, ndipo kutentha ndi mafuta zimathandiza utoto ndi mankhwala ena a mu pulasitiki kulowa m'chakudya. Makolo athu ankavundikira ndi tsamba la nthochi, ndipo nthochi sizidathe ku Phalombe.

Wachitatu kuluza ndi mudzi wonse nthawi ya dzinja. Anthu a boma lino safunika kuuzidwa za ukali wa madzi. Napolo wa mu March 1991 adatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 adasiyanso misozi m'midzi yambiri. Sitikunena kuti jumbo ndiyo idabweretsa ngozi zimenezo. Tikunena kuti m'dera limene madzi amatsika m'mapiri mwaliwiro chonchi, ngalande ndi makalavati ziyenera kukhala zotseguka nthawi zonse. Kalavati wodzaza majumbo ndi mabotolo amabweza madzi kuti alowe m'mashopu ndi m'nyumba ngakhale mvula ili ya masiku onse. Mvula ikakata, timadzi totsalira m'majumbo ndi m'zigubu zosweka timasanduka moswanirana udzudzu. Dziko la Bangladesh lidakhala loyamba kuletsa majumbo opyapyala mu 2002 litaona kuti adatseka ngalande pa nthawi ya kusefukira kwa madzi.

Lamulo m'dziko muno lilipo. Mu 2015 boma lidaletsa kupanga, kuitanitsa, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapepala apulasitiki opyapyala kuchepera ma micron 60. Micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, choncho ma micron 60 akufanana pang'ono ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu. Makampani opanga majumbo adathamangira kukhoti kukatenga chiletso, nkhani idakokedwa, mpaka pa 31 July 2019 khoti lalikulu la apilo lidagamula kuti lamulolo ligwire ntchito. Mayi wina wa Chimalawi, Gloria Majiga-Kamoto, adalandira mphoto ya dziko lonse ya Goldman mu 2021 kaamba kotsogolera nkhondoyi. Ngakhale zidali choncho, ziletso zina za kukhoti zidabweranso, ndipo mpaka kumayambiriro kwa 2025 m'pamene khoti lidachotsa chopinga china n'kupatsa mpata bungwe loona zachilengedwe la MEPA kuti likhwimitse lamuloli. Pafupifupi zaka khumi zidathera m'makhoti. Pa nthawiyi anzathu a ku Rwanda, omwe adaletsa majumbo mu 2008, a ku Kenya mu 2017 ndi a ku Tanzania mu 2019, adali atapita patali.

Eni mafakitale akhala akunena kuti chiletsochi chichotsetsa anthu ntchito. Mavenda nawo ali ndi dandaulo lomveka: kasitomala wogula mchere wa supuni zingapo, kashuga ka tiyi wa m'mawa kapena mafuta ophikira a tsiku limodzi umumangira pati? Jumbo yokhuthala ndi yodula, ndipo phindu la mayi wa mandasi ndi lochepa kale. Madandaulo amenewa sitikuwapeputsa.

Koma tiyeni tiwerengere zonse. Fakitale yopanga majumbo opyapyala ingathe kupanga okhuthala, mabeseni ndi mapaipi, antchito n'kukhalabe pantchito. Ndipo pali ntchito zina zimene jumbo idapha mwakachetechete popanda wopita nazo kukhoti: oluka madengu ndi mitanga ya nsungwi, oluka zikwama za mlaza, oumba miphika ndi mitsuko, atelala osoka zikwama za nsalu zotsala. Ndalama yogulira dengu imatsala m'mudzi momwemo. Ndalama yogulira jumbo imapita mumzinda, ndipo gawo lalikulu limatuluka kunja kukagula zipangizo zake, chifukwa Malawi sakumba mafuta. Kunena za jumbo yaulere, palibe yaulere. Mtengo wake udabisika mu mtengo wa tomato, wotsalawo timadzalipira mbuzi ikafa.

Choncho pempho lathu loyamba likupita ku mabanja. Popita kumsika tengani dengu, chikwama chansalu kapena thumba la feteleza lochapa bwino lonyamulira zinthu zosadyedwa. Pogula mafuta ophikira tengani botolo lanu, pogula chipisi kapena nyama tengani kontena kapena mbale yovundikira. Jumbo yokhuthala imene muli nayo itsukeni, muipinde, igwirenso ntchito mawa. Poyatsa mbaula gwiritsani ntchito zitsononkho, mapesi, udzu wouma kapena makoko a mtedza. Pulasitiki wotha ntchito asalowe m'dzenje la manyowa ndipo asatenthedwe pafupi ndi nyumba. Mumusonkhanitse payekha pamalo amene ziweto ndi madzi oyenda safika. Mabeseni ndi zigubu zosweka zisungeni, pali anthu amene amagula kukazisungunulanso.

Muphunzitsenso ana kuwerenga kanambala kamene kamakhala m'kati mwa timivi titatu kunsi kwa botolo kapena kontena. Nambala 1 ndi pulasitiki wa mabotolo a zakumwa, yemwe safuna zamoto, choncho thobwa lizizire kaye lisanathiridwemo. Nambala 2 ndi wa zigubu, 3 ndi PVC uja wosayenera kutenthedwa, 4 ndi wa mapepala ofewa, 5 ndi wa makontena ndi makapu opirira kutentha, 6 ndi wa timbale toyera topepuka totengeramo chakudya. Nambalayi ikunena mtundu wa pulasitiki, osati maulendo amene mungaligwiritse ntchito botololo monga ena amanenera.

Chenjezo lapadera lipite pa mabotolo a mankhwala a mbewu, a thonje, a fodya, a ntchemberezandonda ndi a anankafumbwe. Botolo lotere, ngakhale litsukidwe chotani, lisasungiremo mchere, mafuta, mkaka kapena madzi akumwa, chifukwa pulasitiki amamwa ena mwa mankhwalawo. Alangizi a zaulimi amati litsukuluzeni katatu, madziwo muwathire m'sipuleya momwemo, kenako muliboole kuti wina asalitole. Nayo neti ndi ya pabedi. Ikapita kunyanja ya Chilwa imakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe, ndipo ikang'ambika imatsala m'madzimo, kunyumba mwana akulumidwa ndi udzudzu.

Pempho lachiwiri likupita kwa mafumu ndi makomiti a misika. Mafumu athu adaonetsa kale kuti malamulo a m'mudzi amagwira ntchito pa nkhani ya zimbudzi ndi maukwati a ana. Akhale pansi ndi mavenda, amipingo ndi amizikiti, agwirizane tsiku losesa msika ndi kuchotsa zinyalala m'ngalande mvula isanayambe. Mutu umodzi susenza denga.

Lachitatu likupita ku khonsolo ya Phalombe. Mavenda amadula ziphaso za msika tsiku ndi tsiku, ndipo ali ndi ufulu woona ndalamazo zikubwerera ngati migolo ya zinyalala ndi malo otetezedwa otayirako. Khonsolo ithandizenso magulu a amayi ndi achinyamata oluka ndi osoka kupeza malo pamsika, kuti wofuna kusiya jumbo apeze chogula pomwepo.

Lomaliza likupita ku boma ndi bungwe la MEPA. Mphamvu ya lamulo iyambire kumene majumbo amapangidwa, kumene amapikulitsidwa ndi m'njira zimene amalowera kuchokera kunja, poti Phalombe ali m'malire ndi Mozambique. Kulanda timajumbo ta mayi wa zitumbuwa pomwe fakitale ikugwira ntchito usiku wonse n'kusesa madzi mpopi uli chitsegukire. Mtengo umagwa akadula tsinde.

Jumbo yafika m'midzi yathu m'moyo wa anthu amene alipo lero. Agogo ambiri kwa Kaduya akukumbuka nthawi imene mchere unkamangidwa m'tsamba, nsomba pa kamtengo, ufa m'lichero, ndipo palibe adalephera kufika nazo kunyumba. Sitikupempha kubwerera ku umphawi wa kale, ndipo neti, mpopi ndi jakisoni waukhondo tizisunge ndi manja awiri. Chimene tikupempha n'chochepa: tsiku la msika likubwerali, banja lililonse lichoke pakhomo ndi chonyamulira chake, ndipo wogulitsa akatambasula jumbo yopyapyala, wogula anene mwaulemu kuti zikomo, ndabwera ndi dengu.